Fumbi Losakhudzana

Ndayenda m'midzi ndi m'matauni ambiri, ndipo kulikonse kumene ndinkafika fumbi linkakhala litafika kale. Maina a malowo musandifunse. Ena ndinaiwala, ena sindinawamve n'komwe, poti munthu wolondola mapazi a mnzake sakweza maso kuti awerenge zikwangwani. Ine ndinkalondola achemwali anga, a Lufina. Ndinkafuna kuwapeza akadali moyo, ndiwagwire mwendo, ndiwatengere kwathu ndikakhale dzanja lawo. Iwo sankafuna kuona ngakhale chithunzithunzi changa, ndipo chifukwa anali nacho.

Zinayambira pachigayo cha kwathu, mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Amayi tinandanda pamzere, aliyense thumba lake pamapazi. Chigayocho chinali cha dizilo, cha lamba wamkulu wakuda wopanda chotchinga, amene ankazungulira pafupi penipeni ndi pothira chimanga. A Lufina anali kutsogolo kwenikweni, ine kumapeto. Kunyumba tinanyamuka limodzi, koma thumba lolemera anandisenzetsa ine, iwo n'kutsogola mopepuka ngati akupita ku ukwati. Tsono ndikuwaona kutsogoloko akuseka ndi wachigayo, mano onse pamtunda, chimanga osathira, ife tikupsa ndi dzuwa, mtima wanga unawira. Ndinakankha mayi amene anali patsogolo panga. Sikunali kukankha kwa ndewu ayi, kunali kwa phewa, kuja timachita pofuna kunena kuti tasunthani inu.

Mayiyo anagwera mnzake, mnzakeyo n'kugweranso wina. Ndinaona ndi maso angawa kukankhako kukuyenda mumzere, maduku akuwerama limodzilimodzi, anthu khumi ndi awiri. Palibe amene anachoka pamalo pake. Aliyense anangopendekeka n'kuwongokanso. Koma a Lufina patsogolo pawo panalibe munthu woti amugwere. Panali lamba.

Wachigayo atazimitsa injini munangoti zii, ufa ukutsika pang'onopang'ono m'kuwala kwa pazenera. Kenako mayi wachiwiri pamzere anacheuka kuyang'ana wachitatu. Wachitatu anayang'ana wachinayi. Kucheukako kunabwera momwemo, mutu ndi mutu, mpaka maso onse anathera pa ine. Nanenso ndinacheuka, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Kuchipatala anawadula dzanja lamanja, pamfundo. Mnyamata amene anawafunsira anasiya kudutsa njira ya kwathu. Tsiku limene anatuluka m'chipatala ndinawatenthetsera madzi, ndipo nditati ndiwathandize kuvula bulauzi anandiyang'ana ngati akuona njoka m'nyumba.

"Usandikhudze," anatero.

Mvula isanagwe anachoka, osatsanzika munthu. Pachitsime amayi anzanga ankandisiyira bwalo lalikulu ngati ndili ndi nthomba. Mayi anga sanandikalipire. Anangondimangira ufa pang'ono m'nsalu n'kundiuza kuti, "Pita ukamutenge mkulu wako. Wekha usabwere kuno."

Malo oyamba kumene ndinamva fungo lawo kunali m'mbali mwa msewu waukulu, pamene amayi amaswa miyala yomangira. Kapitawo wake anali munthu wamfupi, wa dzino lothyoka, wovala chipewa cha mlaza. Sanadikire kuti ndimupatse moni.

"Mukufuna wa dzanja limodzi uja? Wachoka dzana. Akuti wamva kuti kukubwera munthu."

"Munthuyo ndine. Ndi achemwali anga."

"Ndiye ndinu mwandithawitsira wantchito. Khalani pamalo pake, mulu wake sunathe."

Ndinakhala. Anandipatsa nyundo yawo, mpini wake utasalala mbali imodzi yokha, ndi kamphete ka mphira wa tayala kamene ankagwirira mwala pokaponda ndi phazi. Amayi oswa miyala sakhala moyandikana. Aliyense amakhala patali ndi mnzake mtunda umene tizidutswa timaulukira, ndipo ukasendera pang'ono, wapafupi nawe amasendeza thako lake osakuyang'ana, wotsatira nayenso chimodzimodzi, mpaka wakumapeto apezeka ali mu ngalande. Amene anali kumanzere kwanga anandiyesa ndi maso tsiku lonse, ndipo madzulo anatsegula pakamwa.

"Ndiwe wokankha uja eti? Khala konko, mwana iwe. Ine manja angawa ndikuwafunabe."

Kumeneko ndinaphunzira kuswa mwala. Mwala susweka pamene wamenya. Nyundo imagwa pamwamba, koma mphamvu yake imalowa m'kati, n'kuyenda, ndipo mng'alu umakatulukira kuseri kumene sunakhudzeko. Ndinaphunziranso kumeza fumbi osadandaula. Mulu wa a Lufina utatha ndinamanga katundu.

Kenako kunali kuesiteti ya fodya, m'shedi yaitali ya malata momwe tinkasankha masamba. Kapitawo wake anali yemwe uja, wa dzino lothyoka, kungoti apa anavala kapusi. Musandifunse kuti anafikako bwanji. Mwina akapitawo onse amabadwa m'mimba imodzi.

"Wa dzanja limodzi uja? Wachoka dzana."

"Walowera kuti?"

"Ine ndine mlonda wake? Khalani pamalo pake."

Malo awo anali pakona, pafupi ndi khomo, poti munthu angathe kuona msewu wonse. Pamsomali panali kansalu kamene ankamanga pamphuno. Nditakatambasula ndinaona madontho ofiirira, ouma, amene sanali a fodya. Ndinafunsa mayi wa pabenchi yathu ngati achemwali anga ankadwala.

"Ankatsokomola ngati galu wameza fupa," anatero osasiya kusankha. "Ife tinkamuuza kuti apume. Akuti ndipuma bwanji, chilombo chili m'njira."

Mawuwo anandilasa, sindibisa. Chilombo ine, amene ndinasiya kwathu, osakwatiwa, mapazi atang'aluka ming'alu yoti mungabisemo nyemba, chifukwa cha iwo? Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo unandipatsa liwiro. Ndinati tiona amene atope.

M'shedimo ndinaphunzira kusiyanitsa tsamba lamafuta ndi lopsa pongoligwira. Ndinaphunziranso mmene mwano umayendera. Mwini esiteti akadzuka ndi phazi loipa ankakalipira kalaliki, kalaliki n'kukalipira kapitawo, kapitawo n'kutukwana woyamba pabenchi, ndipo chipongwecho chinkatsika benchi yonse, aliyense akupatsira mnzake osachichepetsa. Wakumapeto ndinali ine. Ine ndinkatuluka panja n'kukagenda nkhuku za eni.

Mukhoza kudabwa kuti ankadziwa bwanji kuti ndikubwera. Nanenso ndinkadabwa. Koma akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola, ndipo ine mlomo ndinkausiya paliponse pofunsa za iwo. Wogulitsa nthochi ankauza kondakitala, kondakitala n'kuuza wakabaza, wakabaza n'kuuza wophika tiyi. Onsewa palibe amene ankachoka pamalo pake, koma mawu ankafika masiku awiri ine ndisanafike.

Zaka zinapita momwemo. Ndinagwira ntchito pa uvuni wa njerwa, kogulitsa makala, kufakitale ya thonje kumene ulusi umalowa ndi m'makutu momwe, ndi kugudamu yosungiramo simenti. Konseko kapitawo wa dzino lothyoka ankanena kuti wachoka dzana, ndipo konseko ndinkalandira chida chosalala mbali imodzi. Tsiku lina wophika tiyi wina, amene sindinamuonepo chibadwire, anandiuza pondipatsa kapu kuti mayi anga anamwalira mwezi watha ndipo anawaika ana awo onse kulibe. Ndinamwa tiyiyo mpaka kutha. Tsitsi langa linatuwa, ndipo sindinadziwe ngati ndi imvi kapena simenti mpaka tsiku limene ndinalitsuka koma osada.

Kenako ndinawataya. Munthu wina anandinamiza dala, kundilozera kumpoto iwo atalowera kummwera, ndipo ndinazungulira zaka ziwiri m'madera momwe palibe amene anaonapo mayi wa dzanja limodzi. Zaka ziwiri zimenezo ndinkaziyesa tsoka. Ndinalondola, ndinafunsa, ndinanyengerera, mpaka ndinatola mapazi awo m'tauni ina ya paphiri, ya misewu ya mitengo ya jakaranda, kumene kuli sukulu ya ukachenjede.

Kapitawo wa osesa pasukulupo anali atavala yunifolomu ya buluu, koma dzino linali lomwe lija.

"Wachoka dzana," anatero. "Tsache lake ilo."

Tsachelo linali la mpini wautali, ndipo pakati pa mpini anakhomerapo kalamba kachikopa kolowetsamo mkono. Anandipatsa makiyi a nyumba ya kumunsi, kumene aphunzitsi a sayansi amasunga makina awo. Ndinati ndisesa sabata imodzi, ndimve kumene alowera, ndinyamuke. Ntchito yake inali yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Munali mozizira, mwa simenti yosalala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkafika kunyumba malovu anga ali oyera.

Chipinda chakumapeto chinali cha a Kalitera, mphunzitsi wowonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene sankayankha moni ngakhale wa anzake. Pakati pa chipindacho panali chimphika chachitsulo cha timazenera tagalasi, mapaipi ndi mawaya zitachizinga, ndipo pansi pa tebulo panali pampu yolira ngati nkhumba yogona. Tsiku loyamba anandiuza mawu anayi okha: "Pansi pokha. Pamwamba ayi."

Koma munthu amene wameza fumbi moyo wake wonse akaliona dzanja limamuyabwa. Tsiku lachitatu, iwo atatuluka, ndinaona kabotolo pafupi ndi sinki, kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso, m'kati muli fumbi lotuwa litamatirira m'mbali. Ndinati ophunzira awa ndi auve bwanji. Ndinakatsegula, n'kukhutula, n'kukatsuka ndi sopo kawiri, n'kukavundikira pa kansalu kuti kaume. Kankawala ngati katsopano, ndipo ndinanyadira.

A Kalitera atabwera anaima pasinkipo nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, kutsitsa kuja kumene kumaposa kukuwa.

"Mayi, mwatani apa?"

"Ndatsuka, bwana. Munali fumbi."

"Munali fumbi." Anavula magalasi. "Fumbi limenelo ndinalidikira miyezi isanu ndi itatu kuchokera kutsidya kwa nyanja. Njere iliyonse yofanana ndi inzake, osati zinyalala za m'mapazi mwanuzo. Ndinakuuzani chiyani? Kodi makutu munawasiya kumudzi?"

"Pepani, bwana. Fumbi ndi fumbi."

Pamenepo ndiye ndinaponda mchira wa njoka. Ndinayesa andimenya, koma anangoloza chimphika chija.

"Bwerani kuno. Musanachotsedwe ntchito muone chimene mwathira m'ngalande, mukafotokoze bwino kwanuko."

Anatseka makatani. Anatembenuza timabatani, ndipo m'chimphikamo munayaka kuwala kwa mtundu wa duwa la jakaranda, kopanda lawi, kopanda utsi.

"Umenewo ndi mpweya, tauyatsa ndi magetsi," anatero. "Timautcha pulazima, koma dzinalo silikuthandizani kanthu. Yang'anani pamwambapo."

Pamwamba m'katimo panali kasefa kakang'ono, momwe munatsala fumbi lomaliza. Anakagwedeza, fumbi linagwa. Ine ndimalidziwa fumbi, limagwa mpaka litapeza pokhala. Koma ili silinafike pansi. Linaima m'malere, pamwamba pa mbale yachitsulo, ngati pali dzanja losaoneka lolitchinga. Anandilozera pakompyuta, pamene kamera inkalionetsa litakula. Ndinaona timadontho toyera mazanamazana tikupiringizana ngati anthu pamsika. Kenako tinayamba kudekha. Kamodzikamodzi kankapeza malo ake, mpaka tonse tinandanda m'mizere yowongoka ngati mapando a fodya, kalikonse kali ndi anansi asanu ndi mmodzi mozungulira, mtunda wake wofanana ndendende.

"Wazindandalitsa ndani njerezi?" ndinafunsa.

"Palibe. Njere iliyonse yamwa magetsi a mtundu umodzi ndi inzake, ndiye zimakankhana. Iliyonse ikufuna kukhala patali ndi zinzake, koma mphete yachitsulo iyo yazitsekera kuti zisathawe. Zikasowa kothawira zimagawana malo."

"Ndiye kuti zimadana."

"Fumbi silida munthu, mayi. Koma ngati mutu wanu ukumva choncho, imvani choncho."

Anayatsa kuwala kwina, kofiira, kowonda ngati ulusi, n'kukulozetsa pa njere za kumphepete. Njerezo zinasendera pang'ono. Zotsatira zake zinasendera, zinanso zinasendera, ndipo kusenderako kunayenda mizere yonse mpaka tsidya lina. Palibe njere imene inachoka pamalo pake. Iliyonse inangopendekeka n'kubwerera. Koma ine pakompyutapo sindinkaonanso timadontho. Ndinkaona maduku.

"Limenelo ndi funde," anatero. "Ntchito yanga yonse ndi kuyeza liwiro lake. Pali lopanikiza chamtsogolo ngati limene mwaonali, palinso logwedeza cham'mbali ngati njoka. Lopanikiza ndilo lothamanga."

"Nanga njere ya kumapetoko, bwana, imene ilibe inzake patsogolo?"

"Imalandira zonse. Fundelo likakhala kuti silinafere panjira limagunda mphepete n'kubwerera kumene lachokera."

"Limafa bwanji?"

"Mpweya umalidya pang'onopang'ono. Mukaleka kukankha limatha lokha. Koma onani mukapanda kuleka."

Anayamba kuyatsa ndi kuzimitsa kuwala kofiirako, kuyatsa ndi kuzimitsa. Mafunde ankatsatana, lina lisanathe lina layamba, ndipo njere za kutsidya zinkangonjenjemera osapuma. Anandiuza kuti akawonjezera mphamvu mizere yonse ingasungunuke. Ine ndinafunsanso.

"Nanga njere imodzi itafuna kufika pa inzake, kuti ingoikhudza?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati mbuzi imaikira mazira.

"Singafike. Ikasendera, inzakeyo imasunthanso. Ikalimbikira, imangoithamangitsira kutali. Mukuganiza kuti ndikanathera zaka zanga zonse muno zikanakhala kuti zimakhudzana?"

Asanamalize kupuma magetsi anazima, monga amachitira m'matauni athu. Pampu inaleka kulira, kompyuta inada, kuwala kwa jakaranda kunatha. A Kalitera anatsegula katani n'kusuzumira pakazenera ka chimphika. Nanenso ndinasuzumira. Pa mbale yachitsulo panali kabanga kotuwa, kochepa kuposa chikhadabo.

"Zagwa," ndinatero.

"Magetsi akazima zilibenso mphamvu yokankhana. Zimangogwerana." Anakhala pampando ngati munthu wofedwa. "Basi. Limenelo linali lomaliza."

Ndinkati nditenge tsache ndituluke mwakachetechete, koma mkwiyo wawo unali usanathe, ndipo unafuna pogwera.

"Mukudziwa, amene ankasesa muno inu musanabwere anali ndi dzanja limodzi, koma zaka ziwiri sanagwetsepo ngakhale pensulo. Anabwera akutsokomola magazi. Kachipatala kathu kanamupatsa mankhwala, muno mulibe fumbi, ndipo chifuwa chinayamba kupola. Anali atayamba kunenepa. Sabata yatha anangobwera kudzasiya makiyi, akuti kukubwera munthu. Pano ndikumva kuti ali ku mauvuni a laimu kuseri kwa phiri, ndi chifuwa chimenecho! Ndikanamudziwa munthu woipa mtimayo ndikanamufunsa kuti akufuna chiyani kwa mayi wolumala, mtembo wake kapena?"

Tauni yonse inkadziwa, kuyambira wophika tiyi mpaka kapitawo. Iwo okha, poti sankacheza ndi anthu, ndiwo sankadziwa.

"Munthuyo ndine, bwana."

Anavala magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tulukani," anatero. "Makiyi musiye pansi."

Sanandichotse ntchito. Kapitawo anandichotsa m'nyumbamo n'kundipatsa msewu wa kugeti, kumene maluwa a jakaranda amagwa usana wonse ndipo magalimoto amamwaza zimene wasonkhanitsa. Tsiku lomwelo ndinamanga katundu wanga monga mwa chizolowezi n'kupita padepoti. Basi yopita kuseri kwa phiri inali itaima, injini ikulira. Kondakitala anandigwirira thumba. Phazi limodzi ndinaliika pakhomo. Ndinaona mumtima mwanga mawu akundithawa kale, kondakitala kuuza wakabaza, wakabaza kuuza wophika tiyi, ndi a Lufina akusiya fosholo kuti akafune fumbi lina loipa kuposa laimu. Zaka zonsezo ndinkadzitcha wopepesa, chikhalirecho phewa langa linali likadali pamsana pawo. Ndinalanda thumba langa n'kutsika. Kondakitala ananditukwana, ndipo ndinamusiya atukwane.

Mwa ntchito zonse zimene ndaphunzira, kukhala pamalo amodzi ndiyo inandivuta kwambiri. Kuswa miyala n'kosavuta. M'mawa uliwonse miyendo inkandiyabwa. Ndinkasesa msewuwo ndikudziwa kuti kuseri kwa phiri lomwe ndikulionalo achemwali anga akupuma laimu, ndipo ine ndili ndi mapapo abwino ndi manja awiri. Masiku ena ndinkawatukwana mumtima, kuti munthu wanji wouma mtima chonchi, dzanja limodzi lomwelo mpaka tithere tonse? Masiku ena ndinkalira. Koma sindinafunse munthu aliyense za iwo. Wophika tiyi akayamba nkhani yawo ndinkangomwa tiyi wanga.

Nkhani zinkabwerabe zokha. Kukankha kwanga komaliza kunali kukadayenda ngakhale ine nditaima. Ndinamva kuti achoka ku laimu chifukwa wina anawanamiza kuti wandiona pabasi. Ndinamva kuti ali kocheka matabwa. Ndinamva kuti afika kokumba golide, kumene msewu umathera pathanthwe ndipo kupitirira apo kulibe mudzi. Kenako kunali zii. Jakaranda anachita maluwa, anayoyoka, anachitanso.

Tsiku lina nkhani zinayamba kubwera chobwerera. Kokumba golide awachotsa, akuti akutsokomolera anthu. Abwerera kocheka matabwa, kapitawo wawayang'ana n'kuwalozera kumbuyo. Afika ku laimu, kapitawo wakumeneko wawalozeranso kumbuyo. Ndinazindikira kucheuka kuja kwa pachigayo, mutu ndi mutu, ndipo ndinadziwa pamene kudzathere.

Linali tsiku la mphepo, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinali nditasonkhanitsa mulu wa maluwa pafupi ndi kakhoma ka pageti pamene ndinaona munthu akukwera chitunda. Anali wotuwa thupi lonse ngati wagona m'phulusa. Ankayenda mapazi khumi n'kuima, khumi ena n'kuima. Kudzanja lamanja nsalu inkangolendewera. Thupi langa lonse linafuna kuthamanga, koma ndinagwira tsache mwamphamvu mpaka kalamba kachikopa kaja kanandidya mkono. Ndinakhala pansi pakakhomapo, maso pansi, ngati munthu wosaka mbalame.

Anatenga nthawi kuti afike. Anakhala kumapeto kwa kakhomako, mtunda woti pangakhale anthu atatu pakati pathu. M'chifuwa mwawo munkalira ngati muli mluzu.

"Unalekeranji kunditsata?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ndinaona kuti ndikukukankhanibe, achemwali."

"Waona mochedwa."

"Amayi anamwalira."

"Ndinamva iwe usanamve."

Mawu amene ndinawasenza zaka zonsezo, amene ndinkawayeserera poswa miyala ndi posankha fodya, anakwera pakhosi.

"Achemwali, tsiku lija pachigayo..."

"Khala chete. Usandipatse ntchito yokukhululukira, mpweya wake ndilibe. Ndipo usadzinamize kuti ndabwerera iwe. Konse andibweza, msewu ndi umene wathera pano."

Galimoto inadutsa n'kumwaza mulu wanga wonse. Fumbi lake litatifika anayamba kutsokomola, chifuwa chachitali chimene chinawapinda pakati. Anayesa kudzigwira pakhoma ndi dzanja lamanja, kuiwala kuti kulibe, ndipo anapendekeka. Anadziwongola, n'kusendera pang'ono kuti apeze pokhazikika, chifuwa n'kuwagwiranso. Ulendo wachitatu sanawongoke. Mutu wawo unagwera paphewa langa, phewa lomwe lija, ndipo mkono wodukawo unatsamira pabondo langa. Unali wotentha. Ndinakweza dzanja kuti ndiwasisite pamsana.

"Usandikhudze," anatero, nkhope ili m'khosi mwanga.

Ndinabweza dzanja n'kuliika pamwendo panga. Kugeti kapitawo wa dzino lothyoka anayamba kukuwa kuti msewu wadzaza zinyalala, kodi ndabwera kudzakhala kapena kudzasesa. A Lufina ankalemera, kulemera kodabwitsa kwa munthu amene watsala mafupa okha, ndipo thupi langa linayamba kupendekeka. Mbali inayo kunalibe munthu woti ndimugwere. Ndinaponda pansi mwamphamvu, n'kukhala chomwecho osasuntha.